Lean ndi siscowet zakana kupatukana pa PCA, ndithandizeni

kampango_wakutali: Anzanga mutu waima. Ndili ndi zithunzi za nsomba za lake trout za ku Lake Superior, nyanja ya ku North America, cha ku chilumba cha Isle Royale, a m'boti analemba kale mayina a magulu ake kuti iyi lean, iyi siscowet, iyi humper, iyi redfin. Ma landmark (madontho oyezera shepi pa chithunzi) ndaika mu pulogalamu ya tpsDig, Procrustes (kulinganiza madontho a nsomba zonse) ndapanga mu ya geomorph, koma pa PCA, njira yoonera mmene shepi ikusiyanirana, mzere woyamba PC1 ukungondionetsa nsomba yopindikira m'mwamba ndi yopindikira pansi basi, magulu onse anayi aunjikana ngati usipa m'chilimira. Ku ma microsatellite (zizindikiro za mu DNA) nakonso pulogalamu ya STRUCTURE ikugawa potengera malo amene nsomba inagwidwa, osati maonekedwe. Lipoti likufunika Lachisanu. Ndaphonya pati?

mayi_wa_labu: Achimwene kupindikako ndi kagonekedwe ka nsomba pojambula, si chibadwa ayi. Mu pulogalamu ya tpsUtil muli unbend yowongolera nsomba yopindika, ikani madontho angapo motsata lateral line (mzere wa m'mbali mwa nsomba) muiwongole. Koma ngati kamera inali chopendekeka, chithunzi chimenecho ingotayani, sichichira. Nanga size mwaichotsa? Humper imakhwima ikadali yaing'ono, mukaiphatikiza ndi zimphona mukhala mukuyeza kukula osati shepi.

madala_a_ukonde: Mwana wanga musavutike, kompyutayo ikukuuzani zoona. Ndi nsomba imodzi, Salvelinus namaycush. Ina yatsikira pansi kupyola mamita 80 yanenepa, ina yatsala kosaya ndi yowonda. Munthu wonenepa ndi wowonda ndi mitundu iwiri?

mayi_wa_labu: Madala, palibe wanena kuti ndi ma species awiri. Koma anthu analera lean ndi siscowet m'matanki kuyambira mazira, madzi amodzi chakudya chimodzi, siscowet inatulukabe ndi mafuta ambiri, mutu wakenso wosiyana. Ndiye chilipo chomwe ikutengera kwa makolo. Mafutawo amaithandiza kukwera ndi kutsika m'madzi akuya.

madala_a_ukonde: Nanga bwanji STRUCTURE sikuchiona? Nsomba imodzi basi.

ndunduma77: Ma microsatellite khumi kapena makumi awiri angaone zingati madala, amenewo sakhudzana nkomwe ndi mafuta kapena mutu. Nyanja za kumeneko zapangika madzi oundana atasungunuka zaka ngati 10,000 zapitazo, nthawi yochepa imeneyo, komanso magulu amakwatiranabe. Ine chenjezo langa ndi pamimba. Nsomba yokokedwa kuchokera pansi imatupa, ife pa trawl kumwera kwa nyanja yathu ndunduma zinkafika pa deki mimba tototo maso atatuzuka, ndinayeza body depth mwezi wathunthu nkumasangalala kuti ndapeza gulu latsopano, kumeneko ndi mpweya. Ma landmark a pamimba ndi pa diso muwakayikire, yesani mutu paokha, mphuno, nsagwada, kenako kutalika kwa zipsepse.

kampango_wakutali: Mutu paokha sindinayese. Koma zithunzi zina pakamwa pali yasa, zinafera mu gill net. Wina wandiuza ndingopanga CVA (njira yopatula magulu otchulidwa kale) magulu apatukana bwinobwino.

mayi_wa_labu: Ayi ayi, CVA imapatula chilichonse mukaipatsa ma variable ambiri nsomba zochepa, ngakhale mutalemba mayina mwachisawawa. Komanso mayinawo anapereka ndi maso a munthu m'boti, ndiye mukhala mukutsimikizira maso akewo basi. Popanda cross-validation, kuiyesa pa nsomba zomwe sinazione, musaonetse munthu.

ndunduma77: Onaninso ngati mulibe za ku hatchery. Sea lamprey (nsomba yoyamwa magazi a zinzake) ndi usodzi zitagwetsa lake trout m'ma 1950 anathiramo ma lean ambirimbiri oweta, ndipo ankawadula chipsepse ngati chizindikiro. Funsani ngati a m'boti analemba fin clip. Ine ndinalandirapo zithunzi za sizoni yonse zopanda rula pambali, wojambulayo akuti anaiwala ku kampu, mpaka lero zili mu hard drive sindikudziwa ndizitani.

madala_a_ukonde: Mwaona, zasakanikirananso ndi zoweta. Ine kuyambira m'mawa ndikuti chani?

mlamba_wa_ku_Malombe: Madala inu nomwe munatiphunzitsa kuti chambo chaching'ono sungachisiyanitse ndi maso, mitundu yake ya karongae, lidole ndi squamipinnis tinkachita kutumbula nkuona fupa la kukhosi lija, zina mpaka kudikira amuna avale mitundu nthawi yoswana. Bwanji pamenepo simunati nsomba imodzi?

madala_a_ukonde: Chambo ndi nkhani ina. Lidole mutu wake umaonekera patali.

mlamba_wa_ku_Malombe: Lidole yake mwaiona liti komaliza? Ine pa doko zaka zapita ndisanaigwire m'manja.

ndunduma77: Kkkk musayambitse. Koma achimwene akutali, siscowet munailawako? Amati dzinalo ndi la chi Ojibwe, chilankhulo cha eni dera la ku Lake Superior, imadzikazinga yokha ndi mafuta ake, poto osathira kanthu.

mayi_wa_labu: Lachisanu lija ladutsa, unbend inathandiza?

madala_a_ukonde: Sayankha ameneyo, wapeza kuti ndi imodzi.