Petulo kapena dizilo pokoka thirela yolemera?

Moni nonse mgulu muno, ndathedwa nzeru ndithandizeniko. Ndili ndi pikapu ya Toyota Hilux 2.7 ya petulo, ndimakokera thirela ya matumba 30 a chimanga a 50kg kuchokera ku Ntcheu kupita ku Lilongwe pa M1, koma abale mafuta akuthera mnjira, makamaka zitunda za ku Dedza zija imafuna giya 2 basi injini ikungolira, phindu lonse ndikusiya pa filling station.

Ndasintha mapulagi, fyuluta ya mpweya, oyilo, matayala ndimapopa bwinobwino, liwiro ndachepetsa mpaka 70, kusintha kwake ndi kochepa zedi. Makaniko wina akuti palibe chawonongeka, petulo ndi choncho akalemedwa, gulitsani mugule Hilux ya dizilo ya injini ya 3.0 D-4D poti ili ndi mphamvu yokoka injini isanakwere kwambiri. Koma mlamu wanga akundiopseza kuti mainjekita ndi turbo zikafa ndilira, komanso masiku a mizere aja dizilo amavuta kupeza.

Ndiye inu amene mumakoka katundu ndi dizilo, lita imodzi imakufikitsani makilomita angati muli ndi thirela? Ndalama ya mafuta yomwe mumapulumutsa imaposadi ya sevisi ndi masipeya? Ndigulitse kapena ndingochepetsa matumba?