Mbande za mapeyala zopita ku Mbeya: ndiyambire pati pa mapepala?

Wa nazale, Chibavi: Moni nonse pa gulu. Ndili ndi nazale ya mbande zomezanitsa za mapeyala a Hass kuno ku Mzuzu, ndipo wogula wa ku Mbeya akuzifuna mvula ikayamba. Bizinesi sindinalembetse. Ndiyambire ku MRA kapena kwa a zaulimi? Nanga mbande zingadutse pa Songwe zili m'machubu momwemo?

Wa zolowa ndi zotuluka, Luwinga: Amama, yambani ndi kulembetsa dzina la bizinesi kudzera pa MBRS, njira ya boma yolembetsera mabizinesi pa intaneti, mutagwira chiphaso chanu cha unzika. Setifiketi ikatuluka mukatenge TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, ku MRA, kenako akaunti ya banki m'dzina la bizinesiyo, chifukwa fomu ya CD1 yolonjeza kuti ndalama zakunja zibwera m'dziko imadutsa ku banki. Dzina lilembedwe chimodzimodzi paliponse, pa invoisi ndi pa mapepala a kasitomu. Chilembo chimodzi chikasiyana, katundu amagona pa boda.

Wa za matenda a mbewu: Zonsezo n'zoona, koma setifiketi ya bizinesi siiloleza mbande kutuluka. Pepala loyamba lichokere kwa wogula: apemphe import permit, chilolezo cholowetsera mbande m'dziko lawo, ku TPHPA, bungwe loona za thanzi la mbewu ku Tanzania. Pamenepo amalemba matenda ndi tizilombo tomwe sakufuna, mankhwala oyenera kupopera, ndi ngati akulola chobzalira chilichonse ku mizu. Ndi pepala limenelo mukapite ku Lunyangwa Research Station, komwe kuli a DARS, nthambi ya kafukufuku ya unduna wa zaulimi, mukapemphe kuti akuyendereni. Iwo ndiwo amapereka setifiketi ya phytosanitary, yotsimikiza kuti mbande zilibe matenda ndi tizilombo. Musadikire galimoto ifike. Ngati permit ikufuna kuti mbande ziyenderedwe zikukula, oyendera sangasainire zomwe sanazione.

Wa nazale, Chibavi: Zikomo adada. Nanga za machubu zija?

Wa za matenda a mbewu: Apa ndi pomwe ambiri amaluza. Dothi la m'munda maiko ambiri amalikana, chifukwa limanyamula nyongolotsi zazing'ono za m'mizu ndi Phytophthora, yomwe imaoletsa mizu ya mapeyala. Mbande ikhoza kuoneka yobiriwira bwinobwino matendawo ali pansi. Kutsuka mizu n'kotheka, koma peyala lomezanitsa silipirira kuzulidwa, ndipo zambiri zimauma zikafika. Njira yabwino n'kuzifesa kuyambira pachiyambi mu cocopeat (zinyenyeswa za makoko a kokonati) kapena chobzalira china chophikidwa, pa thandala osati pansi, n'kumathirira madzi a pampopi kapena a pachitsime, osati a m'dambo. Ngati zanu zili kale m'dothi, funsani wogula ngati angalandire timitengo tomezanitsira tokha. N'topepuka ndipo tilibe mizu. Yang'ananinso kunsi kwa masamba, kodikodi ndi nsabwe zimabisala kumeneko.

Wa zolowa ndi zotuluka, Luwinga: Ndiwonjezere. Setifiketi ya phytosanitary ija ndi ya ulendo umodzi, ndipo imatengedwa masiku ochepa katundu asananyamuke. Pakhale dzina la sayansi, Persea americana, ndi chiwerengero chofanana ndi cha pa invoisi. Dalaivala anyamule yeniyeni, osati fotokope. Mukapakira pa mapaleti a matabwa, akhale ndi chidindo cha ISPM 15, chosonyeza kuti matabwawo anaphedwa tizilombo.

Wa nazale, Chibavi: Ndiye ndimuuze wogula ayambe za permit sabata ino, ine ndikulembetsa dzina. Oyendera a ku Lunyangwa amafuna kalata yopempha kapena pali fomu?