Usipa "wofutsa" ndi uti kodi? Katundu wanga akumukana ku Limbe

Mayi a Patuma (Makawa): Anzanga thandizeni msanga, mutu waima. Kasitomala wa ku Limbe anaitanitsa matumba 3 a usipa wofutsa. Ndatumiza Lachiwiri, wouma gwa, masiku awiri pathandala. Lero akuti si umenewu, uwu ndi wadzuwa, ndalama yotsala sapereka. Ine ndimadziwa kuti kufutsa n'kuumitsa chinthu kuti chikhalitse. Ndalakwa pati? Thiransipoti ndalipira kale.

Che Bwanali (Msaka): Pepani mayi, kasitomalayo sakunama. Wofutsa amayamba wauviika m'madzi owira a mchere, kanthawi kochepa, kenako pathandala. Umapindika, ndipo suwawa ngati wongoyanika. Nkhuni zimalowapo, n'chifukwa chake mtengo umasiyana.

Bambo a Yusufu: Kufutsa n'kusunga basi. Amayi anga ankafutsa nkhwani ndi chitambe, n'kumanga m'chikwatu, tinkadya mpaka Okutobala. Nsomba yauma, siola, ndiye yafutsidwa.

Mayi a Shakira (Monkey Bay): Achimwene, nkhwaniwo amayi anu ankayamba awiritsa mumphika asanayanike. Mfutso wosaona moto ulipo?

Bambo a Yusufu: Cholinga n'chimodzi, kuti zikhalitse. Akuchenjeretsani mayi, akufuna mutsitse mtengo.

Che Bwanali: Ndiye mcheni wowamba tizitinso wofutsa, poti nawo umakhalitsa?

Mayi a Shakira: Chonde musayerekeze kuuwiritsa pano wauma kale, umanyenyeka n'kutsala mitu yokhayokha. Komanso wofutsa ukapanda kuuma msanga umaonongeka, ine zinandionekera Januwale wathayu. Ndafutsa mapoto anayi, mvula n'kugwa masiku atatu osakata, pepala lofunditsa linali lobooka. Pofika m'mawa wachitatu thandala lonse mphutsi zili nyakanyaka. Ndinagulitsa kwa a nkhuku pamtengo wolira.

Anganga a ku Malembo: Ndipo wina asakunamizeni zothira Actellic kuti katundu adikire wogula wina. Ndi mankhwala a chimanga amenewo, nsombayi akadya ndi ana a anthu. Musaubwezenso kuno, thiransipoti idya phindu lonse. Pezani munthu wanu mumsika wa Limbe momwemo.

Bambo a Yusufu: Ine ndikubwerezabe, kwathu chouma chilichonse timati chofutsa.

Che Bwanali: Kwanu kuti, achimwene? Tonsefe ndi a nyanja yomweyi. Koma abale, nkhuni ku Msaka kuno zavuta, mtolo wa dzana lija sukuwiritsanso mapoto awiri. A ku Malembo mukugula bwanji?