Bwanji mbewa za mdx zimathamangabe pomwe ana athu akufooka?

Malume wa ku Namwera: Mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 8, akafuna kudzuka pansi amagwira mawondo, kenako ntchafu, mpaka kuimirira. Akatumba ndi aakulu koma mphamvu mulibe. Adokotala akuti ndi Duchenne, matenda ofooketsa minofu. Ndamva kuti mbewa zofufuzira zotchedwa mdx zili ndi vuto lomweli koma zimathamangabe. Zimatheka bwanji?

Wophunzira udokotala, Mangochi boma: Pepani malume. Mbewazi zinapezeka mu 1984, ndipo nazonso, monga ana odwala Duchenne, zilibe puloteni ya dystrophin yomwe imalimbitsa khungu la ulusi wa mnofu. Zikakwana masabata atatu, ulusi wambiri umafa, koma maselo otchedwa satellite amamanga wina mwachangu. Pa maikulosikopu ulusi watsopanowo sungausowe: nyukiliyasi, kachigawo kolamulira selo, imakhala pakati m'malo mwa m'mphepete. Puloteni ina, utrophin, imathandizanso. Mbewa ikakalamba, ulusi womangidwa mobwerezabwereza umachita nthambi ndipo suchedwa kuduka.

Mayi wa ku Monkey Bay: Achimwene, kwa ana kumanganso kulibe?

Wophunzira udokotala: Kulipo mayi, koma kumalephera msanga, zipsera ndi mafuta n'kulowa m'malo mwa mnofu. N'chifukwa chake akatumba amakula. Ngakhale m'mbewa, mnofu wopumira wa pansi pa mapapo umachita zipsera zoopsa. Malume, chonde mtima ndi kapumidwe ka mwanayo aziziyeza pafupipafupi, ndipo mufunse za mankhwala a prednisolone.