Injini ikuphonya: kodi scanner ya OBD2 ndi yoyenera kugula?

MwiniPikapu98: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi pikapu ya 1998, ya petulo, masilinda anayi. Injini yayamba kuphonya. Ikamalira itangoima imanjenjemera mpaka chiwongolero kugwedezeka, ndikaponda moto pachitunda imadukiza ngati ikufuna kuzima kenako nkutsitsimuka. M'mawa isanatenthe ndiye zimanyanya. Nyale ya check engine ndi yoyaka, nthawi zina imachita kuphethira. Mapulagi ndasintha onse koma palibe chasintha. Ndiye ndaona tima scanner ta OBD2 tija towerenga mavuto kuchokera mu kompyuta ya galimoto, tolumikiza ku foni pa Bluetooth. Kameneka nkogula, kapena ndalamayo ndingogulira koyilo yopereka moto ku mapulagi?

Ndatopa_nazo: Musagule achimwene. Ndikubwereza, musagule. Ine ndinaitanitsa kotero pa intaneti, pachithunzi kakuoneka bwinobwino, akuti kamagwira galimoto iliyonse. Kufika, kulowetsa, kanyale kake kayaka, koma foni ikungozungulira osapeza kanthu. Kumufunsa wogulitsa akuti vuto ndi galimoto yanga. Ndalama osabweza, pano uthenga sayankhanso. Ndiye poti ndinali nditatopa ndinapita kugalaja ina yomwe ili ndi kompyuta yaikulu. Kungolumikiza kokha analipiritsa. Anati koyilo. Ndinagula. Ikuphonyabe. Anati ndiye ma injector, aja othira petulo mu injini. Ndinagula. Ikuphonyabe! Pomaliza mnyamata wina wongophunzira ntchito ndi amene anamva kampweya kakulira kuseri kwa injini, kapaipi ka labala kong'ambika, kotalika ngati chala. Zitsulo zanga zakale zomwe zinali zabwinobwino sanandibwezere mpaka lero. Mtima umandiwawa ndikakumbuka.

Achimwene Dizilo: Mavuto a anthu a petulo awa. Ife mapulagi a moto sitiwadziwa.

BwanaV8: Vuto lanu mumagula zidole. Yanga ndi ya akatswiri, ili ndi sikirini yakeyake, mtengo wake mungagulire matayala anayi atsopano nkutsalako chenji. Imandionetsa silinda iliyonse kuti yaphonya kangati injini ikulira, imazimitsa injector imodziimodzi ndili khale pampando, manja osada. Pikapu yanga ya masilinda 8 sinapondeko pagalaja chiigulireni makinawa. Anzanga amachita kundiimbira foni kuti bwana tabwerani mudzatiyezere. Chinthu chabwino chimadula basi.

Kamnyamata: Afunsa za scanner ya bwanawo ndani?

Madala Sipanala: Ana inu, injini takhala tikuzikonza kalekale kusanabwere mafoni. Silinda yakufa siifuna kompyuta. Lizani injini, muzule waya wa pulagi umodziumodzi ndi pulayala yokutidwa labala. Mukazula wa silinda yamoyo injini ifooka kwambiri, mukazula wa yakufa sipasintha kanthu. Mwaipeza. Kenako usiku kuli mdima tsegulani boneti, wazani timadzi pang'ono pa mawaya a mapulagi. Waya wotha mudzaona moto wabuluu ukudumphira ku chitsulo, ndi kaphokoso kakuti tsetsetse. Mwanena kuti m'mawa zimanyanya, chinyezi ndi mawaya okalamba sizimvana. Zonsezi ndi zaulere mwana wanga.

Mayi wa Galaja: Madala, nzeru yanu ndi yoona koma pa injini ya 1998 ndingakonde azule pulagi ya magetsi ya injector m'malo mwa waya wa moto. Mukazula waya, moto uja umasowa kolowera ndipo ukhoza kupha koyilo kapena igniter yomwe imayendetsa koyiloyo, komanso petulo amapitirira kulowa osapsa. Zotsatira zake nzofanana, silinda yakufa ioneka.

Tsopano funso la eni ake, poti palibe waliyankha. Musanatulutse ndalama gwadani muyang'ane pansi pa chiwongolero ngati pali soketi ya mabowo 16, mizere iwiri. Lamulo loti galimoto zikhale ndi OBD2 linayamba ku America pa galimoto za 1996. Ku Ulaya za petulo zinakakamizidwa kuyambira 2001, za dizilo pambuyo pake. Galimoto yopangidwira msika wina mu 1998 ikhoza kukhala yopanda soketiyo, kapena soketi ilipo koma kompyuta yake ikulankhula chinenero cha kampani yake chomwe tima scanner totchipa sitimva. Ndikuganiza kuti ndi zomwe zinawachitikira a Ndatopa.

Scanner ikalumikizika idzakupatsani ma code, manambala osonyeza vuto, ndiye muyembekezere izi. P0301 ndiye kuti silinda yoyamba ikuphonya, P0302 yachiwiri, choncho mpaka P0304. P0300 ndiye kuti kuphonyako kukuyendayenda, sikuli pa silinda imodzi. Kompyuta imadziwa poona liwiro la crankshaft, chitsulo chomwe mapisitoni amazungulitsa: silinda ikalephera kuphulitsa, crankshaft imachedwa pang'ono pamalo pomwe imayenera kukankhidwa, sensa nkuona. Ndiye imakuuzani komwe kuli vuto, koma chifukwa chake siidziwa. Palibe code yomwe imati gulani koyilo. Amene amawerenga P0302 nkukutumani kusitolo nthawi yomweyo sanayeze kanthu.

Ndatopa_nazo: Mayi, musawaikire kumbuyo ogulitsawo. Pabokosi analemba kuti galimoto zonse. Zonse! Akanalemba kuti zina ayi ndikanasunga ndalama zanga.

BwanaV8: Galimoto iliyonse kuyambira 1996 ili ndi OBD2, zimenezo nzodziwika. Kakeko kanali kabodza basi.

Mayi wa Galaja: Ku America, bwana. Osati dziko lonse lapansi.

Wa Ma App: Ine kanga ndi kotchipa komweko, ka ELM327, ndinagula mtengo wosafika ngakhale pulagi imodzi yabwino, ndipo kakugwira mpaka pano. Chinsinsi ndi app. Ena amalephera chifukwa sanatsegule kiyi, kapena sanasankhe pamanja protocol, chinenero chomwe kompyuta ya galimoto imalankhula. Komanso zambiri zotchipazi ndi zokopera, zina zimamva ma protocol akale, zina ayi, ndiye zimatengera mwayi. Mukagula musamakasiye kali kolowetsa, soketi ija imakhala ndi moto ngakhale kiyi mwachotsa, galimoto ikakhalitsa osayenda mudzapeza batire lafooka.

Ndatopa_nazo: Pulagi imodzi? Ine kanga ndinalipira ndalama yogulira mapulagi anayi ndi sefa ya oyilo pamwamba. Ndiye kuti anandibera kawiri.

Kamnyamata: Pepani madala 😂

Madala Sipanala: Ngati ili Toyota yakale simufunanso foni. Pansi pa boneti pamakhala kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Tengani kawaya mulumikize mabowo a TE1 ndi E1, tsegulani kiyi osaliza injini, muwerenge kuphethira kwa nyale ya check engine. Kuphethira kawiri, kupuma, kenako kasanu, ndiye code 25. Kawaya kokha, mwana wanga. Anthu akugula zinthu zomwe galimoto inabwera nazo kale.

Wa Ma App: Madala, njira imeneyo siinena silinda yomwe ikuphonya. Makompyuta akale aja sankawerenga zimenezo.

Madala Sipanala: Nchifukwa chake tili ndi makutu.

MwiniPikapu98: Zikomo nonse. Ndayang'ana, soketi ya mabowo 16 ilipo. Mawaya a mapulagi akuchokera pa makoyilo awiri, distributor yogawa moto palibe. China chomwe sindinanene: madzi a mu redieta amatsika pang'onopang'ono, ndimathiramo nthawi ndi nthawi koma pansi sipadontha. Kaya zikugwirizana.

Mayi wa Galaja: Achimwene, chimenecho ndiye munayenera kuyamba nacho! Madzi otsika osadontha pansi, kuphatikiza kuphonya kwa m'mawa komwe kumachepa injini ikatentha, ine ndimayamba kukayikira gasiketi ya hedi, yomwe imatchinga madzi kuti asalowe mu silinda. Injini ikazima madzi amakhala akadali ndi mphamvu, amadontherera mu silinda usiku wonse, m'mawa pulagi yanyowa. Sindikuti ndi chimenecho ndithu, madzi amathanso kuthawira pa chivindikiro cha redieta kapena pa pampu nkumauma pa injini yotentha. Koma mapulagi akale aja mukadali nawo? Ayaleni motsatana. Ikakhalapo imodzi yoyera mbee ngati yotsukidwa pomwe zinzake zili zofiirira, silinda imeneyo ikumwa madzi. Yakuda ya mwaye wouma ndi petulo wochuluka kapena moto wofooka. Yonyowa oyilo ndi maring'i kapena masilo a mavalavu. Onaninso ngati ekizozi ikutulutsa utsi woyera wosatha injini itatentha kale, ndiponso ngati mu redieta mukutuluka thovu injini ikulira. Chivindikirocho mutsegule injini ili yozizira, musadzapse.

Ndipo nyale ikamaphethira musamaikakamize galimoto. Kuphethirako kumatanthauza kuti petulo wosapsa akupita mu ekizozi wambiri moti akhoza kusungunula catalytic converter, chitsulo chija choyeretsa utsi mu ekizozi. Imeneyo ndi yodula kwambiri.

Achimwene Dizilo: Gulitsani isanafe, mugule ya dizilo. Kwathu kuno silinda ikafa umangomasula nati ya paipi ya injector pang'ono, imodziimodzi, nkumvetsera. Nkhani yatha.

Kamnyamata: Nanga pampu yanu ikafa mumalira bwanji?

Geji Yokwana: Ine ndinena zosiyana ndi nonse. Ndalama ya scanner mugulire geji yoyezera kompuleshoni. Galimoto ya zaka zoposa 25 funso loyamba ndi lakuti injiniyo ikadali ndi mphamvu mkati kapena ayi, ndipo foni siingakuuzeni. Tenthetsani injini, chotsani mapulagi onse, zulani fyuzi ya pampu ya petulo ndi mapulagi a makoyilo, pondani moto mpaka pansi, zungulitsani ndi sitata silinda iliyonse mulembe nambala. Zisasiyane kupitirira 10 kapena 15 peresenti. Ikakhala imodzi yotsika, thiranimo kasupuni ka oyilo muyezenso. Ikakwera ndi maring'i, ikapanda kukwera ndi valavu kapena gasiketi. Ziwiri zoyandikana zikatsikira limodzi, gasiketi yapsa pakati pawo. Geji siifuna app, siifuna batire, mudzasiyira ana.

BwanaV8: Yanga imayeza kompuleshoni osachotsa pulagi ngakhale imodzi.

Geji Yokwana: Imafanizira masilinda potengera mmene sitata ikuvutikira, nambala yeniyeni siikupatsani. Musanamize anthu.

BwanaV8: Nsanje. Ndipo ndikuuzeni china chomwe a zidole sadziwa. Kuwerenga code nkosavuta, kudziwa silinda yake ndiye ukatswiri. Pa V8 ya Ford masilinda 1 mpaka 4 ali mbali imodzi, 5 mpaka 8 mbali inayo. Pa ya Chevrolet mbali imodzi ndi 1, 3, 5, 7, inayo 2, 4, 6, 8. Ndaonapo anthu akusintha koyilo yabwinobwino chifukwa chowerenga molakwika.

Kamnyamata: Yawoyi ndi ya masilinda anayi bwana. Yoyamba ili kutsogolo kufupi ndi fani. Atha kuwerenga mpaka 4.

Wa Ma App: Poti mwati makoyilo ndi awiri, apa ndiye scanner ikuthandizani kwambiri. Pa injini zotero koyilo imodzi imatumikira silinda 1 ndi 4, inayo 2 ndi 3. Mukaona P0301 ndi P0304 limodzi, kapena P0302 ndi P0303, koyilo ndiye woyamba kumukayikira. Sinthanitsani makoyilowo ngati ali ofanana, fufutani ma code, yendani pang'ono. Vuto likasamuka mwamugwira, likatsala pomwepo koyilo ilibe mlandu ndipo simunagule kanthu. Chimodzimodzi ndi mawaya. Muonenso fuel trim pa app, nambala yosonyeza petulo yemwe kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa. Ikakhala pamwamba pa +10 injini itangoima, nkumatsika mukaponda moto, pali mpweya ukulowa mozemba, ngati kapaipi ka a Ndatopa kaja. Nthawi zambiri pamabweranso P0171, code yoti mpweya wachuluka kuposa petulo. Galaja ija ikanayang'ana nambala imeneyi sakanagula ma injector.

Ndatopa_nazo: Ndiye mukundiuza kuti kompyuta yawo inkaonetsa koma iwo osayang'ana? Mukundiwonjezera ukali. Anthu amenewa amadziwa zomwe amachita, phindu lawo lili pa zitsulo zomwe amakugulitsa.

Mayi wa Galaja: Si tonse, bambo. Ena timayeza kaye. Waya wa pulagi timauyeza ndi mita, injector timaimvetsera ndi sikuludiraiva yaitali kukhutu ngati ikugogoda, tisanamuuze munthu kuti agule chinthu.

Mlimi wa Pikapu: Yanga inkachita chimodzimodzi pachitunda ndi katundu, inali sefa ya petulo yotsekeka. Sinthani sefa kaye, njotchipa.

Geji Yokwana: Sefa siiphonyetsa injini itangoima m'mawa. Pamenepo injini imamwa petulo wochepa kwambiri.

Mlimi wa Pikapu: Ine ndanena zomwe zinandichitikira.

MwiniPikapu98: Mapulagi akale ndawapeza koma anasakanikirana m'bokosi, sindingadziwe kuti iyi inali ya silinda iti. Imodzi ikuonekadi yoyererapo kuposa zinzake. Ndiye pano ndasokonezeka, ndigule scanner, geji, kapena ndipite nayo akayeze gasiketi?

Mayi wa Galaja: Chotsani atsopanowo m'mawa musanalize injini, muwaone motsatana, muunikire ndi tochi m'mabowo ngati pamwamba pa pisitoni pali ponyowa. Mukatero mubwereke geji. Scanner gulani yapakatikati, kwa munthu wovomera kuti muiyese pa galimoto yanu musanalipire. Idzakuthandizani mtsogolo, koma nkhani ya madziyi siidzaithetsa.

Wa Ma App: Yapakatikati ya chiyani, kotchipa komweko kakwana.

BwanaV8: Kotchipa mudzagula kawiri.

Madala Sipanala: Mawaya mwawathira madzi usiku monga ndinanenera?

MwiniPikapu98: Sindinayese madala, ndiyesa lero.

Ndatopa_nazo: Ngati mwalimbikira kugula, kanga kaja kali mu kabati, ndikugulitsani theka la mtengo. Mwina pa yanuyo kakalankhula.

Kamnyamata: Theka la mtengo uti, wa pulagi imodzi kapena wa anayi?