Thandizo: kuwerengera mphamvu ya voti mu Electoral College ya ku America

Moni nonse akuluakulu a m'gulu lino. Ndakakamira powerengera Banzhaf index (muyeso woonetsa kuti ndi kangati pomwe mavoti a chigawo chimodzi angasinthe wopambana) ya zigawo 50 za America ndi District of Columbia, potsata magawidwe a ma elector (nthumwi za zigawo zosankha pulezidenti, zomwe zimapanga Electoral College) a pambuyo pa kalembera wa 2020: onse 538, wopambana afike 270, California 54, Texas 40, Wyoming 3.

Kuyesa mgwirizano uliwonse umodziumodzi n'kosatheka, poti migwirizano yotheka ya zigawo 50 ndi District of Columbia ilipo 2^51, kupitirira 2 quadrillion. Njira ya Monte Carlo (kuyesa migwirizano yosankhidwa mwamwayi) ikutulutsa manambala osinthasintha pa zigawo za ma elector atatu. Kuchulukitsa ma polynomial (njira ya masamu yowerengera migwirizano popanda kuiyesa umodziumodzi) kwayenda bwino mu Python. Excel musavutike nayo, imasunga madijiti 15 oyamba okha a nambala, otsatirawo amasanduka ziro.

Pavuta ndi pa Maine ndi Nebraska. Konseko ma elector awiri amapita kwa wopambana chigawo chonse, otsalawo mmodzi pa dera lililonse la phungu wa Congress (nyumba ya malamulo ya America): awiri ku Maine, atatu ku Nebraska. Kutenga maderawo ngati oima paokha n'kulakwa, chifukwa wosesa madera onse watenganso awiri aja. Kuwamanga mtolo umodzi nakonso kukubisa zomwe zinachitika mu 2020, pomwe zigawo ziwirizi zinagawa mavoti awo.

Inu munazisamalira bwanji ziwirizi? Nanga pakakhala 269 kwa 269, nkhani n'kupita ku House of Representatives (nyumba ya aphungu aja), ndiwerenge kuti onse agonja kapena ndiwapatse theka? Chomaliza, potsikira ku mphamvu ya wovota mmodzi ndi lamulo la square root la Penrose (loti mphamvu ya wovota mmodzi imachepa molingana ndi square root ya chiwerengero cha ovota m'chigawo chake), ndigwiritse chiwerengero cha kalembera kapena cha amene anaponyadi voti?