Thunderbird ikudzitseka yokha titabwezeretsa maimelo akale

Mlembi wa ku Lifuwu analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndine mlembi wa gulu la alimi a mpunga kuno ku Lifuwu, m'boma la Salima, ndipo ndikupempha thandizo pa pulogalamu ya maimelo ya Thunderbird. Kompyuta yathu yakale inali ndi Windows 7 ndi Thunderbird 115, koma hard disk yake itayamba kuvuta, komiti inagula laputopu ya Windows 11. Mnyamata amene amatithandiza pa zamakompyuta anakopera foda yonse ya Profiles pa fulashi, kenako anaika Thunderbird 140 mu laputopu n'kuthiramo mafayilo onse a pa fulashi aja.

Panopa pulogalamuyi ikutseguka ndithu, maina a mafoda akuoneka kumanzere, koma pakangopita kanthawi kochepa imauma, kenako imadzitseka yokha n'kutulutsa kabokosi kopempha kuti titumize lipoti ku Mozilla, eni ake a pulogalamuyi. Tisanathiremo maimelo akale inkayenda bwinobwino. Tili ndi akaunti ziwiri: ina ndi ya Gmail, ina ndi yakale ya POP (yokoka maimelo pa seva n'kuwasunga mu kompyuta), ndipo m'yakaleyo ndi mmene muli makalata a ogula mpunga, mapangano a mbewu ndi feteleza, komanso malipoti a zaka zambiri. Kodi maimelowa awonongeka, kapena vuto lili pa pulogalamu? Kompyuta yakale ikuyakabe mwa apo ndi apo.

Achimwene a ku Senga Bay anayankha:

A Mlembi, pepani ndi vutoli. Ine ndikanachotsa Thunderbird yonseyo n'kuiikanso mwatsopano, kenako n'kulowetsa akaunti zanu ngati poyamba. Maimelo a Gmail amakhala pa seva ya Google, choncho adzabwera okha mukangolowetsa adiresi ndi pasiwedi.

NaPhiri wa ku Dwangwa anayankha:

Achimwene a ku Senga Bay anena zoona pa nkhani ya Gmail ngati akauntiyo inaikidwa mwa IMAP, njira imene maimelo amatsala pa seva, koma mundilole ndisiyane nawo pa mfundo yochotsa pulogalamu. Thunderbird imasunga maimelo ndi makonzedwe ake padera, mu foda ya %APPDATA%\Thunderbird\Profiles, ndipo mukaichotsa n'kuiikanso fodayi imatsala mmene inalili, moti pulogalamu yatsopanoyo idzawerenga mafayilo omwewo n'kudzitsekanso. Komanso maimelo a POP kawirikawiri amachotsedwa pa seva akatha kulowa mu kompyuta, choncho n'kutheka kuti kope lokhalo la makalata a ogula mpunga ndi limene lili pa fulashi ndi pa hard disk yodwalayo.

Pachifukwa chimenechi, a Mlembi, musanayese china chilichonse, koperani zonse za pa fulashi muziike pamalo ena, ndipo fulashiyo muitsekere mu kabati. Chilichonse chimene muyese, muchiyese pa kope. Pali chifukwa chinanso: profile, kutanthauza foda ya maimelo ndi makonzedwe ija, ikangotsegulidwa ndi Thunderbird 140, mtundu wakale wa 115 umakana kuitsegula, ndipo 115 ndi mtundu womaliza umene umayenda pa Windows 7, kotero simungabwezere mafayilo a mu laputopu ku kompyuta yakale n'kuyembekezera kuti zinthu zikhala monga kale.

Mukatero, yambani mwatsegula pulogalamu mutakanikiza batani la Shift, kuti ilowe mu Troubleshoot Mode. Njira imeneyi imazimitsa ma add-on onse (timapulogalamu towonjezera mu Thunderbird) pamodzi ndi hardware acceleration (njira yofulumizitsa kuonetsa zinthu pa sikirini). Ikakhazikika osadzitseka, ndiye kuti wolakwa ndi add-on yakale imene sikugwirizana ndi 140, kapena ndi nkhani ya kuonetsa zinthu pa sikirini, ndipo maimelo anu alibe vuto.

Ikadzitsekabe, maso athu apite pa mafayilo a maimelo enieniwo. Mu foda ya Mail mupeza mafayilo awiriawiri, monga Inbox ndi Inbox.msf, kapena Sent ndi Sent.msf. Fayilo yopanda mchira wa .msf ndi imene muli makalata onse, atalumikizana motsatizana mu fayilo imodzi yaikulu ya mtundu wa mbox. Ya .msf ndi mndandanda chabe wolozera pamene kalata iliyonse yayambira, ngati buku la kalaliki wa kunkhokwe limene limanena kuti thumba lakutilakuti lili pati, pomwe mpunga weniweniwo uli m'matumba. Mndandandawu ukasemphana ndi fayilo yake, pulogalamu imakafufuza kalata pamalo pomwe palibe, ndipo imatha kusokonezeka. Zimenezi zimachitika kawirikawiri ngati munthu anakopera mafayilo Thunderbird ili yotsegula, kapena magetsi anazima pulogalamu ili mkati molemba.

Tsekani Thunderbird, sunthani mafayilo onse a .msf muwaike kunja kwa profile, ndipo muchite chimodzimodzi ndi global-messages-db.sqlite, imene ndi mndandanda waukulu wothandiza pofufuza maimelo. Onsewa pulogalamu imawapanganso yokha, kungoti poyamba idzachedwa ndithu. Chonde samalani kuti musakhudze fayilo yopanda mchira. Windows imabisa michira ya mafayilo ena, choncho yambani mwayatsa File name extensions mu File Explorer kuti muziona bwino chimene mukusuntha.

Mufunsenso mnyamatayo ngati Thunderbird inali yotseka pamene ankakopera, ndiponso ngati fulashiyo ndi ya FAT32. Fulashi ya mtundu umenewu siilandira fayilo yopitirira 4 GB, ndipo Inbox ya ofesi imene sinayeretsedwepo kwa zaka imafika pamenepo mosavuta. Windows imakana kuikopera, ndipo munthu wofulumira amangodina Skip n'kupitiriza.

Mlembi wa ku Lifuwu anayankha:

Zikomo kwambiri, mayi NaPhiri, ndiponso zikomo achimwene a ku Senga Bay. Tatsatira ndondomeko yanu pa kope, fulashi taisunga. Mu Troubleshoot Mode pulogalamu inadzitsekabe. Mnyamata uja wavomera kuti Thunderbird inali yotsegula pamene ankakopera, chifukwa ankaopa kuti akazimitsa chilichonse kompyutayo siyakanso. Fulashi ndi ya exFAT, osati FAT32, ndipo Inbox ilipo, kukula kwake ndi pafupifupi 3 GB.

Titasuntha mafayilo a .msf ndi global-messages-db.sqlite, pulogalamu yakhazikika, ndipo Inbox, Sent ndi mafoda ena onse akutseguka. Kwatsala foda imodzi yotchedwa Ogula 2022, imene ikangodinidwa pulogalamu imauma n'kudzitseka monga kale. Ikufunsanso ngati tikufuna kuchita Compact pa mafoda. Tivomere?

Mphunzitsi wa ku Linga anayankha:

A Mlembi, pakadali pano musavomere Compact. Mukafufuta kalata mu Thunderbird, imangochongedwa kuti yafufutidwa koma imakhalabe mu fayilo, ndipo ntchito ya Compact ndi kulembanso fayilo yonse mwatsopano n'kusiya zochongedwazo. Pa foda yabwinobwino zimenezi n'zothandiza ndipo n'zoyenera kuchitika pafupipafupi, koma pa foda yowonongeka mutha kutaya makalata amene akanapulumuka, popeza pulogalamu idzalemba zokhazo zimene yakwanitsa kuwerenga.

Popeza mndandanda mwauchotsa kale ndipo vuto likadalipo pa foda imodzi yokha, ndikuganiza kuti fayilo ya Ogula 2022 yeniyeniyo ndi imene ili ndi chilema, mwina chochokera ku hard disk ija imene mwati inali itayamba kale kuvuta. Ngati kompyuta yakale ingayake, koperaninso fayilo imeneyi yokha, Thunderbird ili yotseka, ndipo muyerekeze kukula kwake ndi ya pa fulashi podina Properties. Zikasiyana, ndiye kuti ya pa fulashi ndi yoduka, ndipo yatsopanoyo ingathetse nkhani yonse. Musaisiye kompyutayo ili yoyaka nthawi yaitali, chifukwa hard disk yodwala imaipiraipira ikamagwira ntchito. Tengani chimene mwapitira n'kuizimitsa.

Zikakhala zofanana, yesani fayiloyo pamalo oyera. Dinani Windows ndi R, lembani thunderbird -P, ndipo mupange profile yatsopano. Mukaikamo akaunti n'kutseka pulogalamu, ikani fayilo ya Ogula 2022 mu Mail\Local Folders, popanda .msf yake, kenako mutsegulenso. Ngati foda imeneyi inali ndi mafoda ang'onoang'ono mkati, ali mu foda ya dzina lomwelo yothera ndi .sbd, ndipo muziwaika mmodzimmodzi kuti mudziwe amene akuvuta. Ikadzitsekanso ngakhale pamenepa, fayiloyo itha kutsegulidwa ndi pulogalamu yowerenga malemba monga Notepad++, chifukwa mbox ndi malemba wamba ndipo kalata iliyonse imayamba ndi mzere woyamba ndi mawu akuti From. Malo owonongeka amaoneka ngati chigawo chachitali cha zizindikiro za NUL kapena kalata yodukira pakati, ndipo mukachotsa chigawo chimenecho pa kope, kuchokera pa From wina kufika pa From wotsatira, zotsalazo nthawi zambiri zimawerengeka. Ndi ntchito yofuna kudekha, ndipo ndi bwino kuti mnyamata uja aichite inu muli pomwepo, popeza ndinu amene mukudziwa makalata ofunika.

Ngati mungaganize zosamukira mu profile yatsopanoyo kotheratu, zomwe ine ndingakonde poona kuti yakaleyo inakoperedwa ili yotsegula, tengani abook.sqlite kuti musataye maadiresi, komanso logins.json pamodzi ndi key4.db, chifukwa mapasiwedi satseguka fayilo imodzi mwa ziwirizi ikasowa. Koma prefs.js, fayilo ya makonzedwe akale, muisiye. Pa akaunti ya Gmail, musanailole kukoka makalata onse, lowani mu Account Settings, pa Synchronization & Storage, musankhe kuti ikoke a masiku 30 apitawa okha, apo ayi bandulo ya ofesi itha tsiku lomwelo.

NaPhiri wa ku Dwangwa anayankha:

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi. Ndingowonjezera kuti muonenso mu antivirus ya laputopuyo ngati siikugwira fayilo ya Ogula 2022, chifukwa kalata imodzi yokhala ndi kachilombo imachititsa kuti antivirus itseke fayilo yonse ya mbox. Mu Settings, pa Privacy & Security, pali malo olola antivirus kuti izigwira kalata imodzi yokha pamene ikulowa, ndipo ndi bwino kuwachonga musanayambe kulandira maimelo atsopano pa akaunti ya POP ija.